Nsalu yobiriwira isatibisire kwathu

Masiku ano kwaya ikatulutsa vidiyo, musadabwe kuona amayi a ku Ntaja akuvina patsogolo pa nyumba zosanjikizana za ku Dubai, chonsecho ngakhale pasipoti alibe. Si matsenga ayi. Ndi nsalu yobiriwira yomwe anyamata ojambula amaitcha green screen.

Oimba amaima kutsogolo kwa nsaluyo, ndipo akajambulidwa, pulogalamu ya pafoni monga CapCut kapena KineMaster imafufuta chilichonse chobiriwira n'kulowetsapo chithunzi china. Mtunduwu adausankha chifukwa sufanana ndi khungu la munthu. Lusoli ndi lakale: filimu ya The Thief of Bagdad ya 1940 idapangidwa ndi njira yomweyi, koma ndi mtundu wa buluu.

Vuto ndi lakuti ambiri timangokoloweka nsalu pakhoma n'kuyamba kujambula. Nsalu yamakwinya imakhala ndi mithunzi, ndipo pulogalamu imasiya zigamba. Isiteni, ikokeni ikungike, ndipo kuwala kufike mofanana ponseponse. Dzuwa la masana la ku Balaka ndi lakuthwa, choncho jambulani pamthunzi kapena kukachita mitambo. Oimba atalikire nsaluyo ndi mamita awiri kuti kubiriwirako kusawalire m'mapewa. Foni ikhazikike pamalo amodzi. Ndipo yunifomu ya kwaya ikakhala yobiriwira, gwiritsani ntchito nsalu ya buluu, apo ayi muona mitu ndi manja zikuyandama popanda thupi. Ndalama zomwe akhristu adasonkha movutikira zisathere pa vidiyo yoti anthu aziseka pa WhatsApp.

Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa zomwe timaika kumbuyoko. N'chifukwa chiyani nthawi zonse timasankha misewu ya ku America ndi mapiri a chipale chofewa? Kodi mtsinje wa Shire pa Kamuzu Barrage ndi wonyansa? Nanga phiri la Chikala, nyanja ya Chiuta, kapena milambe ya m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde?

Balaka idatchuka dziko lonse chifukwa cha Alleluya Band, Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, omwe adaimba za moyo wa anthu wamba mpaka chamba chawo n'kumatchedwa ndi dzina la bomalo. Sadabise komwe amachokera.

Ndikudziwa kuti kunyamula kwaya ya anthu 30 kupita nawo kunyanja n'kodula, ndipo apa m'pomwe nsaluyi imathandiza. Mnyamata mmodzi akwere minibasi, akajambule Shire dzuwa likamalowa, abwere nazo adzaike kumbuyo kwa oimba. Zithunzizo n'zanu, palibe adzakufunseni kuti mudazitenga kwa yani.

Wachibale ali ku Joni akatsegula vidiyo yanu, nyumba zosanjikizana waziona kale, amadutsa pomwepo tsiku lililonse. Chomwe akufuna n'kuona kwawo. Pajatu kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.