Damu likadzadza matope, ndani akuliyang'ana?

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mawuwa amawadziwa bwino alimi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, komwe minda ya chimanga, fodya, soya ndi mtedza idakwera mpaka m'malo otsetsereka omwe kale mudali mitengo. Mvula ikagwa kumeneko, madzi amatsika ali ofiira, atanyamula nthaka yachonde kupita nayo kumtsinje wa Bua kapena kutsetserekera kunyanja ya Malawi.

Kafukufuku yemwe bungwe la FAO lidachita pamodzi ndi boma adapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a nthaka pa hekitala iliyonse pachaka. N'chifukwa chake alangizi akhala akulimbikitsa akalozera, udzu wa vetiva, zotchinga m'zigwembe komanso madamu a dothi. Damu lotere limachepetsa liwiro la madzi, mchenga ndi matope n'kutsalira pansi, ndipo anthu amapeza pomwetsa ng'ombe ndi pothirira madimba m'chilimwe. Ku China, m'dera lomwe mumadutsa mtsinje wa Yellow River, adamanga madamu otere zikwizikwi ndipo matope ogwidwawo adasanduka minda.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala. Damu logwira matope likamagwira bwino ntchito yake, ndiye kuti likudzadza. Chaka ndi chaka malo osungira madzi amachepa, kotero mvula yomwe damulo linkailandira popanda vuto lili latsopano ikhoza kulisefukiritsa lero. Madzi akangoyamba kudutsa pamwamba pa khoma la dothi, amalikumba ngati khasu ndipo likhoza kugumuka usiku umodzi wokha, anthu a kumunsi ali m'tulo.

Izi si nthano. M'mwezi wa Meyi 2018, damu la dothi la pa famu ina ku Solai m'dziko la Kenya lidaphulika usiku n'kupha anthu oposa 40. Kuno kumudzi, namondwe wa Ana adagumula mbali ya damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Ngati madzi adagonjetsa khoma lomangidwa ndi mainjiniya, nanga kuli bwanji khoma lomwe lidaunjikidwa ndi makasu ndi mawilibala, kenako n'kusiyidwa lopanda mwini?

Chosangalatsa n'chakuti kuyeza ngati damu lili bwino sikuyamba ndi makina okwera mtengo ayi. Kumayamba ndi maso. Akatswiri akafika pa damu amayamba aona ngalande yotayira madzi osefukira. Kodi ndi yotseguka, kapena mudamera tchire, mudadzadza mchenga, mwinanso wina adalimamo ndiwo zamasamba? Ngalande yotsekeka ndiyo imakankhira madzi pamwamba pa khoma.

Kenako amayenda pamwamba pa khomalo kufufuza ming'alu, malo otitimira ndi njira zomwe ng'ombe zakumba popita kukamwa. Amayang'ananso zulu za chiswe, mauna a mbewa ndi mitengo ikuluikulu, pakuti mizu ikaola imasiya mphako zomwe madzi amalowamo. Udzu woyanga ndi wabwino pa khoma, koma mtengo ndi mdani.

Akatero amatsikira kuseri kwa khoma. Pafupifupi damu lililonse la dothi limachucha pang'ono, ndipo madziwo akakhala oyera komanso osachuluka, nkhawa imachepa. Koma akayamba kutuluka amatope, kapena kuchuluka tsiku ndi tsiku, ndiye kuti akudya khomalo m'kati. Pamenepo mpofunika kuitana injiniya msanga ndi kuchenjeza onse okhala kumunsi.

Kuchuluka kwa matope nako kumayezedwa, ngakhale ndi nsungwi yaitali yoikidwa zizindikiro, n'kuyerekeza ndi momwe zidaliri chaka chatha. Funso lomaliza, lomwenso ndi lalikulu, ndi ili: khomali litagumuka lero, madzi angadutse pati? Damu laling'ono lomwe kumunsi kwake kuli sukulu, mlatho kapena nyumba n'loopsa kuposa lalikulu lomwe kumunsi kwake kuli dambo lokhalokha. Misika ngati Mponela, Madisi ndi Ntchisi Boma ikukula, ndipo malo omwe dzana adali tchire lero pali nyumba. Choncho damu lomwe kale silinkaopsa aliyense liyenera kuunikidwanso.

Lamulo lilipo. Lamulo la zamadzi la chaka cha 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liziyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi m'dziko muno. Koma bungwe limodzi silingayendere khoma lililonse m'midzi ya kumapiri. Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi ayenera kukhala ndi kaundula wa madamu onse, wosonyeza mwini wake, chaka chomwe lidamangidwa ndi tsiku lomwe lidayenderedwa komaliza. Mabungwe omanga madamu asamangopereka kwa anthu pamwambo wa zovina n'kuchoka; asiye komiti yophunzitsidwa bwino ndi njira yopezera ndalama zokonzera.

Mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi nawo ali ndi gawo lawo. Mwezi wa Okutobala, madzi ali ochepa, ndiyo nthawi yolambula ngalande, kugumula zulu, kudula zitsamba pa khoma ndi kukwirira njira za ziweto. Mvula yamphamvu ikagwa, pasowe tulo munthu mmodzi kapena awiri oti akaone momwe madzi afikira. Ndipo olima kumtunda adziwe kuti mzere uliwonse wotsata chitunda ndi phata lililonse la vetiva zimatalikitsa moyo wa damu lomwe amamwetsapo ng'ombe zawo.

Makolo omwe ana awo amawoloka kumunsi kwa damu popita kusukulu ali ndi ufulu wofunsa mfumu, khansala kapena mlangizi kuti khomalo lidaonedwa liti. Afunse mvula isanayambe, chifukwa madzi akatayika saoleka.