MWANA WA KU FEIRA ALEMBE ZA KWAO

Masiku ano munthu akatsika basi pa Boma la Luangwa, pamene akulu-akulu akali kupachula kuti Feira, saona asodzi ndi amalonda a nsomba okha ai. Aonanso anyamata ndi atsikana atakhala pamithunzi, mitu ili zyoli, zala zili kuyenda pa foni. Ambiri angowerenga, koma ena ali kulemba nkhani zao pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo afunitsitsa kuti anthu awawerenge. Dandaulo lao ndi limodzi: alemba tsiku ndi tsiku, ndalama zithera ku mabandulo, koma owerenga sacuruka.

Munthu akayang'ana zimene ambiri a iwo alemba, cifukwa cace sicibisika. Wina akopa nkhani ya ndale za ku Lusaka imene anthu anaimva kale pa wailesi m'mawa. Wina asimba za mpira wa ku England monga ngati anali m'bwalo. Winanso atola mau a nzeru a m'Cingerezi, naikapo cithunzi cace atabvala magalasi akuda. Zonsezi alipo anthu zikwi-zikwi amene azilemba msanga ndiponso bwino koposa iye, pakuti ali pafupi nazo. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana wa ku Feira wasiya wa pamphuno, nathamangira wa kumphepo.

Cuma cimene ali naco n'cakuti aimirira pamalo pamene wina aliyense saimirirapo. Pa Feira ndi pamene Luangwa athira madzi ace mu Zambezi, ndipo munthu ali m'Zambia aona maiko ena awiri ndi maso: Zumbo wa ku Mozambique tsidya la Luangwa, ndi dera la Kanyemba la ku Zimbabwe tsidya la Zambezi. Dzina lakuti Feira ndi la Cipwitikizi, kutanthauza msika, cifukwa amalonda anali kugulana minyanga ya njobvu ndi golidi m'dera lino zaka za m'ma 1700. Mu January 1856 David Livingstone anapita pano, naona mabwinja a chalichi ndi belu losweka pa Zumbo, nazilemba m'buku lace. Mbiri ya Acikunda, amene makolo ao anali asilikari ndi alenje a njobvu m'minda yaikuru ya Apwitikizi, inalembedwa ndi Allen ndi Barbara Isaacman a ku America m'buku la mu 2004. Alendo anaona kuti pano pali nkhani, nayenda maulendo atali kudzaitola. N'zomvetsa cisoni kuti mwini mudzi, amene agona ndi nkhaniyo m'nyumba, ndiye ayesa kuti kwao kulibe colemba.

Tsono owerenga ace ndani? Ciwerengero ca anthu ca mu 2022 cinapeza anthu oposa 35,000 m'boma la Luangwa, ndipo si onse ali ndi foni ya intaneti. Koma ana a ku Feira ali balala ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero, ku migodi ndi ku Chipata. Iwowa afuna kumva ngati mvula yagwa kwa a Mphuka, ngati masau apsa, ngati mwambo wa Mbambala kwa Mfumu Yaikuru Mburuma kapena wa Dantho wa Acikunda wayandikira. Aliponso amai amalonda amene acoka ku Lusaka, napatuka pa ulalo wa Luangwa, nayenda makilomita pafupifupi 90 kudzagula nsomba. Mai wotere asanalipire basi afuna kudziwa ngati pende alipo padoko, mtengo wace, ndi mmene mseu uliri. Amene amuuza zimenezi moona sabata ndi sabata wapeza wowerenga amene sadzamsiya, ndipo mai uja adzauza anzace a pamsika.

Luso la kalembedwe liyambira pa mzere woyamba. Galasi la foni ndi laling'ono, ndipo cala ca wowerenga sicicedwa kupitirira. Nkhani ya njobvu ndiyo ionetsa bwino. Wolemba waulesi angoti njobvu zabvutanso kuno, anthu ali m'mabvuto, boma licitepo kanthu. Mau otere ali ngati utsi. Wowerenga apukusa mutu, napita. Wolemba wakhama ayenda yekha kumundako. Achula mudzi ndi usiku umene njobvu zinalowa, anena ngati zinali ziwiri kapena gulu, ngati zadya cimanga ca m'dimba kapena zaphwanya nkhokwe, ngati a Dipatimenti ya Nyama za Kuthengo anauzidwa ndiponso nthawi imene anafika. Afunsa mwini munda kuti banja lidzadya ciani kufikira masika. Nkhani yaciwiriyi siitalika kwambiri koposa yoyamba, koma nduna ingathe kuitenga kupita nayo kwa mfumu, ndipo khansala sangaikane pamsonkhano. Cacikuru cikhale pamwamba, zofotokoza zitsate pambuyo, ndipo malonje atali-atali asungidwe pa khonde la apongozi.

Pa za kukoka omvera, dziko lino linali naye mphunzitsi. Akulu amene anali ndi wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akumbukira Julius Chongo ndi pologramu yace ya Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi yekha anali kulankhula mau a nkhalamba, a mwana, a mfumu ndi a fisi, ndipo mudzi wonse unali kukhala cete kuzungulira kawailesi kamodzi. Analibe cithunzi ngakhale cimodzi. Cida cace cinali Cinyanja ca anthu, ca miyambi ndi mau aja amene aonetsa cinthu m'maso, monga kugwa kuti khu, kapena kukhala duu. Nthano zace zinakoma kotero kuti Ernst Wendland anazisonkhanitsa ndi kuzisindikiza m'buku. Wolemba wa lero ali ndi zipangizo zimene Chongo sanazilote, koma kawiri-kawiri acita manyazi ndi cilankhulo ca amai ace, nalemba Cingerezi cotsimphina cimene sicikoma kwa Mzungu ndiponso sicimveka kwa agogo.

Pali cinthu cimene olemba a m'tauni saciganizira. Kumudzi foni imodzi iri ndi makutu ambiri. Mwana wa sukulu awerenga mokweza, ndipo amai, atate ndi acinansi amvetsera. Nkhani yolembedwa ndi mau odula-dula, zilembo zitatu m'malo mwa liu lathunthu, imkhumudwitsa mwanayo pakati pa njira. Cifukwa cace wolemba asanatumize, ayambe waiwerenga mokweza iye mwini, kapena awerengere nkhalamba ya pakhomo. Pamene nkhalambayo ifunsa kuti watani, pamenepo ndi pofunika kukonza. Mau a Cikunda ndi a Cinsenga asaopedwe. Msodzi wa pa Zambezi akanena mwadiya m'malo mwa bwato, liulo lilembedwe momwemo, pakuti wa ku Feira wokhala ku Kitwe akaliona amva fungo la kwao.

Koma msampha waukuru uli pa coonadi. Makina a Facebook akweza nkhani imene anthu ambiri aikhudza, ndipo anthu athamangira zoopsa ndi zonyansa. Wolemba wacinyamata aphunzira msanga kuti bodza lithamanga koposa zoona, ndipo ayesedwa. Atenga cithunzi ca ng'ona ya ku dziko lina, nati yagwidwa pa Luangwa. Amva mphekesera pa mowa, nailemba ngati anaona. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023, pamene masukulu a dziko lonse anacedwa kutsegulidwa kufikira February 2024, uthenga umodzi wonama wonena za mankhwala ukanatha kupha mwana. Pa nyengo imene boma liletsa usodzi m'mitsinje yambiri, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, wolemba wonena kuti ciletso cacotsedwa pamene sicinacotsedwe alandiritsa mnzace cilango ndi kumlanditsa maukonde. M'boma laling'ono ngati lino anthu adziwana, ndipo wonama kamodzi adziwika kuyambira pa Boma kufikira ku Katondwe.

Coipa koposa ndi mwambo watsopano wa kujambula maliro. Munthu akagwidwa ndi ng'ona kapena akapondedwa ndi njobvu, ena afika ndi foni asanafike ndi cifundo, ndipo mwana wa malemuyo ali ku Lusaka aona mtembo wa atate wace pa galasi asanalandire mthenga wa banja. Kuyambira kale uthenga wa maliro uli ndi eni ace ndi njira yace. Wolemba adikire banja linene, apemphe cilolezo, ndipo cithunzi ca mtembo asaciike konse. Cimodzimodzi kuchula munthu kuti ndi mfiti: kumeneko n'kuika moyo wa nkhalamba pa moto, ndipo lamulo la dziko lino lonena za ufiti liletsa. Malamulo a za pa intaneti aliponso. Loyamba linakhazikitsidwa mu 2021, ndipo mu April 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano. Maloya ndi atolankhani ena adandaula kuti malamulowa angaopseze anthu olankhula zoona, ndipo mkangano umenewo ndi woyenera kuumvetsera. Komabe wolemba amene anafika pamalo, nafunsa mbali zonse ziwiri, nasunga tsiku ndi dzina la amene anamuuza m'kabuku kace, aima pouma koposa uja wolemba za m'maluwa.

Owerenga a pa foni asiyana ndi a nyuzipepa pa cinthu cimodzi: ayankha pomwepo. Kale munthu anali kulemba kalata kwa mkonzi wa Tsopano, nadikira masabata. Lero yankho lifika nsima isanapse. Wolemba wanzeru awerenga mayankhowo, ayamika womuongola, ndipo akalakwa akonza poyera, osafafaniza mwakacetecete monga ngati palibe cinacitika. Wotukwana asamtsate m'matope. Mafunso a owerenga ndiwo mbeu za nkhani ya mawa: wina akafunsa cifukwa cace nsomba zacepa, imeneyo ndi nchito ya sabata yathunthu, ya kufunsa asodzi akale, a Dipatimenti ya za Nsomba ndi amalonda. Kulemba kawiri pa sabata pa masiku odziwika kupambana kutumiza zidutswa makumi awiri tsiku limodzi ndi kusowa mwezi wonse. Za ndalama, asanyengedwe ndi nkhani za anthu a kunja olemera ndi mafoni. Phindu loyamba la wolemba wa kumudzi ndi dzina lokhulupirika, ndipo ngati malipiro adzabwera, adzatsata dzinalo.

Aphunzitsi a Cinyanja m'masukulu a boma lino angathandize kwambiri. M'malo mwa cimangirizo ca ulendo wongopeka wa ku tauni, ana atumidwe kukalemba za doko, za msika wa nsomba zouma ndi madengu pa ulalo, za cilala ca mu 2024 monga mmene mabanja ao anacionera. Mafumu ndi nduna atsegule makomo kwa acinyamata ofunsa mwaulemu.

Ndipo pali nchito imodzi yosayenera kudikira. Pa 6 March 1978 asilikari a Rhodesia anaukira Kavalamanja, kumene kunali msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo anthu a m'midzi anathawa kusiya nyumba ndi minda. Caka ndi caka akulu a boma ndi a nkhondo afika kudzakumbukira tsikulo, nalankhula, nabwerera. Koma mai amene anathawa ndi mwana kumsana, ndi mnyamata amene anaolotsa anthu pa bwato usiku, nkhani zao zambiri zikali m'mitima mwao. Amene anali ndi zaka 20 pa tsiku lija tsopano ayandikira zaka 70. Foni imene ijambula magalasi akuda ingathenso kujambula mau a nkhalamba zimenezi, zitabvomera, ndipo ulendo wa ku Kavalamanja kucokera pa Boma ndi wa tsiku limodzi.