Kodi Ulipo Mutu Wosagwira?

Zotsatira za mayeso zikatuluka, pali mawu amene amamveka m'makomo ambiri, ndipo mwatsoka ngakhale m'zipinda za aphunzitsi: "Mwana uyu mutu wake sugwira." Olankhulawo amayesa kuti m'chigaza muli nkhokwe imodzi, yodzaza kapena yopanda kanthu. Ubongo sunapangidwe motero, ndipo mphunzitsi woweruza chotere amalakwira mwanayo pamodzi ndi sayansi imene iye mwini amaphunzitsa.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi. Uli ndi zigawo, chilichonse ndi ntchito yake. Pansi penipeni pali tsinde limene limayang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima, munthu ali maso ngakhale ali m'tulo. Kunkhongo kuli chigawo chotchedwa cerebellum chimene chimawongolera mayendedwe a thupi. Ndicho chimathandiza mayi kusenza mtsuko pamutu osataya ndi dontho lomwe. Kuona kumachitikira kumbuyo kwa mutu, ngakhale kuti maso ali kutsogolo.

Madokotala anazidziwa zimenezi poyang'anitsitsa odwala. Mu 1861, Paul Broca wa ku Paris anapima munthu amene ankamva zimene ankauzidwa, koma pakamwa pake pankatuluka liwu limodzi lokha loti "tan". Munthuyo atamwalira, Broca anapeza kuti malo ena a kumanzere kwa ubongo wake, cha kutsogolo, anali owonongeka. Apa panaonekera kuti kumvetsa ndi kulankhula sizikhala m'chipinda chimodzi.

Nkhani yoyenera kuti mphunzitsi aliyense aisinkhesinkhe ndi ya Henry Molaison wa ku America. Mu 1953, ali ndi zaka 27, anam'chita opaleshoni pofuna kuchepetsa khunyu, nam'chotsa mbali yaikulu ya hippocampus, chigawo cham'katikati chimene chimathandiza kusunga zinthu zatsopano. Khunyu linachepadi. Koma kuyambira pomwepo mpaka imfa yake mu 2008, ankaiwala munthu amene wacheza naye kumene akangotuluka pakhomo. Katswiri wina, Brenda Milner, anam'patsa ntchito yovuta: kutsata mizere ya nyenyezi ndi pensulo akuyang'ana dzanja lake pagalasi. Tsiku ndi tsiku luso lake linkakula, chonsecho iye sankakumbukira kuti anayamba waichitapo ntchitoyo. Manja ankasunga chimene mwini wake anali ataiwala.

Tsono pepala la mayeso limapima chiyani? Makamaka limapima kukumbukira zolowezedwa ndi kuziyala m'mawu, kawirikawiri m'chilankhulo chachilendo, pa maola awiri kapena atatu. Zimenezi n'zofunika, ndipo waulesi asapezerepo pobisala. Koma mnyamata amene amamva vuto la injini ndi khutu lokha, kapena mtsikana amene amadula nsalu molondola atangomuona mwini malaya, akugwiritsa ntchito ubongo womwewo, m'zigawo zimene pepalalo silinazifunse kanthu.

Palinso nkhani ya msinkhu. Chigawo cha kuseri kwa chipumi, chimene chimalinganiza za mawa ndi kuletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma, ndicho chimakhwima pomalizira, munthu akuyandikira zaka 25. Wophunzira wa Folomu 4 amalemba mayeso ake chigawochi chisanatsirizike. Kumutcha wolephera wa moyo wonse pa msinkhu umenewo kuli ngati kuyesa zokolola chimanga chisanamasule. Ena amene amabwereza mayeso atakulako amakhoza mpaka kudabwitsa aphunzitsi awo akale.

Nthawi zina chimene amachitcha umbuli chimangokhala tulo ndi njala. Hippocampus imakhazikitsa zophunzira za masana munthu akagona. Wophunzira wochezera usiku wonse, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asawodzere, amadzibera yekha. Nayenso mwana amene wayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu sangatsate masamu a ola loyamba. Mphunzitsi asanalembe chiweruzo pa lipoti, ayambe wafunsa ngati mwanayo anagona, ngati anadya, ndiponso ngati amaona bwino zolembedwa pabolodi kuchokera pamene amakhala.