Ndani amasankha cithunzi ca pa cikuto?

Mu June 2025, woimba wa ku America, Sabrina Carpenter, anaonetsa cikuto ca cimbale cake catsopano, Man's Best Friend. Pa cithunzico iye wagwada pansi, ndipo mwamuna amene nkhope yake sioneka wamugwira tsitsi. Mwezi womwewo magazini ya nyimbo ya Rolling Stone inamuika pa cikuto ali wosavala, tsitsi lake lalitali ndilo likubisa thupi. Bungwe la Glasgow Women's Aid, lothandiza akazi ocitiridwa nkhanza ku Scotland, linadzudzula cithunzi ca cimbaleco. Zithunzi zotere sizithera kunja konko, zimafika pa mafoni a ana athu kudzera pa Facebook ndi TikTok.

Ambiri a ife tikaziona timathamangira kunena kuti mtsikanayu alibe manyazi. Koma cikuto sicipangidwa ndi munthu mmodzi. Pamakhala mkonzi, wojambula, wosankha zovala, ndi eni magazini amene maso ao ali pa malonda. Amene anajambula Carpenter, David LaChapelle, ndiye anajambulanso Britney Spears pa cikuto ca magazini yomweyi mu 1999. Spears anali ndi zaka 17 cabe, atagona pa bedi ndi tizovala ta mkati, kadoli ka ana kali m'manja. Papita zaka 26, woimba ndi wina, koma wogwira kamera ndi yemwe uja.

Mu 2011, Erin Hatton ndi Mary Nell Trautner a pa University at Buffalo anafalitsa kafukufuku wa zikuto zoposa 1,000 za Rolling Stone, kuyambira 1967 mpaka 2009. M'zaka za m'ma 1960, zithunzi za akazi 44 pa 100 zilizonse zinali zodzutsa cilakolako, pamene za amuna zinali 11. Pofika m'ma 2000, za akazi zinakwera kufika pa 83, za amuna 17. Mwamuna amaloledwa kuoneka ndi jekete yake, gitala ili m'manja, ngakhale ali ndi imvi. Mkazi nthawi zambiri amamulanda coimbira n'kumusiyira thupi lokha.

Maganizo amene ali kuseri kwa zimenezi anaonekera poyera mu 2023. Jann Wenner, mmodzi wa amene anayambitsa magaziniyi, anatulutsa buku la zokambirana zake ndi oimba 7, onse amuna aciyera. Nyuzipepala ya New York Times itamufunsa cifukwa cake munalibe mkazi, anayankha kuti akaziwo sanali otha kufotokoza maganizo ao mozama. Anapepesa, komabe anamucotsa m'komiti ya Rock and Roll Hall of Fame. Uyu ndiye munthu amene anatsogolera magaziniyo kwa zaka pafupifupi 50.

Ena akuti Carpenter ndi wamkulu, anasankha yekha, ndipo cithunzico cinali conyodola amuna. Iye mwini anatulutsa cikuto cina n'kunena mwanthabwala kuti ici ndiye Mulungu wacivomereza. N'zoona kuti ali ndi udindo pa zimene anacita. Koma mtsikana wa zaka 13 ku Matero sawerenga zofotokoza zonsezo, iye amangoona zimene mkazi amacita kuti achuke. Ndipo mnyamata wokhala naye benchi imodzi amaonanso, n'kuphunzira zake.

Abale ndi alongo, tisanaloze ena cala, tiyang'anenso mapepala olengeza misonkhano yathu ya citsitsimutso. Sitivula munthu ai. Koma kawirikawiri nkhope ya mlaliki imadzaza pepala lonse, dzina ndi maudindo ake m'zilembo zikuluzikulu, pamene amai a kwaya, amene adzaimba maola atatu, timawapanikiza pa kona, opanda ngakhale dzina la wowatsogolera.

Atsogoleri a acinyamata angacite bwino kuika zikuto ziwiri pa tebulo, ca mwamuna ndi ca mkazi, ndi kufunsa anawo kuti aliyense wagwira ciani m'manja, ndipo mau olembedwa pambali pake akukamba za nyimbo zake kapena za thupi lake.