Wochira Misala Abwerere Kwawo, Koma Alandiridwe

Patchuthi chapitachi ndinakapeza amalume anga ku Kabwazi. Anakhala miyezi isanu ku chipatala cha odwala misala ku Zomba, ndipo atapeza bwino anabwezedwa kumudzi.

Ine ndikuvomereza kuti wodwala wochokera kutali azibwerera kwawo, pakuti m'bale ndiye amazindikira msanga matenda akayambiranso. Koma kumukweza basi kokha sikokwanira. Lamulo la atsamunda la 1948 linkasamala kwambiri za kutsekera wodwala. Lamulo labwino lizilamula kuti kalata ya dokotala ifike ku chipatala cha boma lakwawo, kwa ife ku Dedza, ndiponso kuti mankhwala azipezeka pafupi.

Inu makolo, ana akuwathawa amalumewo ndi kuwaseka panjira. Tikapanda kuwalandira, adzabwereranso ku Zomba chifukwa cha ife tomwe.