Kompyuta ya Pakhomo: Kupewa Kumaposa Kuchiza

Mwezi uno tisiye kaye za ndiwo zamasamba ndi madzi akumwa, tikambe za kompyuta ya patebulo yomwe yalowa m'makomo ambiri muno mu Mzuzu. Kaya ndi ku Katoto, ku Chibavi kapena ku Luwinga, makina ambiri ndi akale, ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja. Koma zomwe zili m'kati mwake n'zamtengo wapatali: kafukufuku wa mwana wa ku Mzuni yemwe wamudyera chaka chathunthu, kaundula wa chakhumi ndi zopereka wa msungichuma wa mpingo, zithunzi za ukwati. Makina akafa mutha kugula ena, koma zolemba zikatayika sizibwerera. Tsono mfundo yomwe timaphunzitsa pa zaumoyo igwirenso ntchito pano: tisadikire matenda.

Magetsi

Mdani woyamba ndi kuthima kwa magetsi. Magetsi akathima Windows ili m'kati mosunga fayilo, fayiloyo imatha kuwonongeka, ndipo nthawi zina kompyuta imakana kuyaka. Ngati thumba likulola, gulani UPS. Ili ndi batire lomwe limakupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito yanu n'kuzimitsa bwinobwino. Ngati mulibe, zolowerani kudina Ctrl ndi S pafupipafupi polemba. Magetsi akapita zulani pulagi, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanalumikize. Chitaninso chimodzimodzi mvula ya ziphaliwali ikayamba, poti kwathu kuno mvula sichedwa.

Makina ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a ESCOM ndi a 230. Kakakhala pa 115, makina amapsa nthawi yomweyo mukangoyatsa. Onani kaswitchi kameneka musanalumikize kompyuta yomwe mwangoigula, ndipo ana asamakaseweretse.

Tsiku ndi nthawi

Ambiri amadandaula kuti intaneti ilipo koma masamba akukana kutseguka, akungochenjeza za chitetezo. Musanathamangire kwa okonza, yang'anani tsiku pakona ya kumunsi kudzanja lamanja. Likakhala la chaka cham'mbuyo, vuto ndi lomwelo. Likonzeni mu Settings, pa Time & language, ndipo pa time zone sankhani Harare, Pretoria, yomwe ndi nthawi yathu. Tsiku likamasokonekera nthawi iliyonse mukazula pulagi, ndiye kuti kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka nambala CR2032, katha mphamvu m'kati mwa bokosi. N'kotsika mtengo ndipo kusintha kwake sikutenga nthawi.

Bandulo yothera m'njira

Mukalumikiza kompyuta ku foni, Windows imayamba kukoka zatsopano mwakachetechete, bandulo ya Airtel kapena TNM n'kutha musanatumize n'kalata yomwe. Pitani mu Settings, Network & internet, sankhani Wi-Fi ya foni yanuyo, muyatse Metered connection. Komabe musaimane chakudya mpaka kalekale. Kamodzi pamwezi, mukakhala ndi bandulo yokwanira, lolani Windows Update igwire ntchito. Ili ngati katemera: imatseka mipata yomwe mavairasi amalowera.

Pa nkhani yomweyi, dziwani kuti kampani ya Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 pa 14 October 2025. Kompyuta ikuyakabe, koma chitetezo chake chizicheperachepera. Kuti mudziwe yomwe muli nayo, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, kenako Enter. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, komwe makina ambiri akale alibe. Musawataye. Linux Mint ndi Ubuntu n'zaulere, zimayenda pa makina akale, ndipo LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Izi n'zabwino kuposa Windows yakuba, yomwe nthawi zambiri imabwera ndi mavairasi ake, komanso siyenera pakhomo la Mkhristu. Koma aliyense asanasinthe chilichonse, muyambe mwakopera mafayilo anu kwina.

Fulashi yochokera kosindikiza

Matenda ambiri amalowa kudzera m'fulashi yomwe yayenda m'malo osindikizira mapepala m'tauni. Chizindikiro chake n'chodziwika: mafoda anu asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Musadine, ndipo musafulumire kufufuta zonse. Kawirikawiri mafayilo amakhala alipo, angobisidwa. Yambani mwaipima fulashiyo ndi Windows Security, yomwe ili kale m'kompyuta ndipo ndi yaulere. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda abwerera. Musaike ma antivirus awiri pakamodzi, chifukwa amalimbana okhaokha n'kulemetsa makina, monga zimakhalira munthu akamwa mankhwala a madokotala awiri osauzana.

Ikamayenda ngati kamba

Choyamba sankhani Restart, chifukwa zovuta zambiri zimathera pomwepo. Zikapitirira, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager. Pa Startup zimitsani mapulogalamu omwe amadziyatsa okha koma simuwafuna. Onaninso ngati disiki C yadzaza. Mafilimu ndi nyimbo zisamukire kwina. Bokosi lisakhale pansi pomwe limameza fumbi, kapena chogunda khoma lachinyezi. Likamalira kwambiri ndi kutentha, zulani pulagi, mupukute fumbi m'mabowo ake ndi kaburashi kouma. Chophimba chabuluu chikatuluka, jambulani uthengawo ndi foni. Wokonza akaona uthenga weniweniwo sayamba n'kufufuta zonse. Ndipo mukapita nayo kokonzetsa, nenani poyambirira kuti asafufute kanthu musanavomereze.

Ana ndi maso

Kompyuta ikhale pabalaza pomwe aliyense akuona. Ana apatseni akaunti yawoyawo ya Standard, ya Administrator ikhale ya makolo yokhala ndi nambala yachinsinsi. Motero sangaike masewera okayikitsa kapena kufufuta za mpingo mwangozi. Yatsaninso Night light mu Settings, System, Display, kuti kuwala kufewe madzulo. Pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Ola logona likayandikira, zimitsani. Tulo ndi mankhwala omwe Mlengi anatipatsa kwaulere.

Lachisanu, tsiku lokonzekera

Malangizo onsewa akaiwalika, limodzi ili lokha lisaiwalike. Lachisanu lililonse, pamene tikusita zovala ndi kuphikiratu chakudya cha Sabata, munthu mmodzi pakhomo akopere mafayilo ofunika pa fulashi yosungira zokhazo, yomwe sipita kosindikiza. Zofunika koposa aziikenso pa Google Drive, yomwe imapereka malo aulere okwana 15 GB. Fayilo yomwe ili malo amodzi okha sinasungike. Akatero azimitse kompyuta, azule pulagi, aiphimbe ndi kansalu dzuwa lisanalowe, banja lilandire Sabata ndi mtima wokhazikika.

Mwezi wamawa tidzakamba za kakhalidwe koyenera pampando kwa omwe amatandala pa kompyuta, kuti msana ndi khosi zisamawawe.