Pempho kwa Anthu Onse: Sankhani Helemeti Yotetezadi Mutu

Gulu la nzika zokhudzidwa ndi kuchuluka kwa ngozi za njinga zamoto m'Malawi likupereka pempholi kwa akabaza, kwa eni njinga amene amazipereka kwa anyamata kuti azibweretsa ndalama madzulo, kwa onse amene amakwera njingazi popita kuntchito, kumsika, kuchipatala kapena kusukulu, komanso kwa amalonda ndi akuluakulu a boma amene ali ndi ulamuliro pa katundu wolowa m'dziko muno. M'zaka zapitazi njinga yamoto yasanduka mayendedwe a tsiku ndi tsiku ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ngakhalenso m'malo amalonda monga Jenda, Mponela ndi Lunzu, chifukwa imafika kumene minibasi sifika ndipo yapereka chochita kwa achinyamata ambiri amene akanangokhala. Gululi silikufuna kuti njingazi zichoke pamsewu, koma likudandaula kuti mitu yambiri imene imayenda pa njingazi ilibe chitetezo, ndipo ina imene imaoneka ngati yotetezedwa yavala chipewa chimene sichingathandize chilichonse munthu akagwa.

Malamulo a pamsewu a dziko lino amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wonyamulidwa avale helemeti, chimene ndi chipewa cholimba chopangidwira kuteteza mutu pa ngozi. Koma lamuloli labala chizolowezi chomvetsa chisoni, chovala helemeti pofuna kupewa chindapusa cha apolisi apamsewu osati pofuna kupulumutsa moyo. N'chifukwa chake pamsewu pamaoneka zipewa za amisiri omanga nyumba, mahelemeti osweka omangidwa ndi waya, ena opanda lamba, ndi ena okolekedwa pa handulo kudikira kuti avalidwe pafupi ndi pamene apolisi aima. Wapolisi angakhutire ndi chipewa chotere n'kumulola munthu kudutsa, koma mutu ukamenya phula, chimene chimagwira ntchito ndi zimene zili m'kati mwa chipewacho.

Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la mu 2023 linasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti oposa gawo limodzi mwa magawo asanu a anthuwa amakhala okwera njinga zamoto, ndiponso kuti chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfazi poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Chimene chimapha kwambiri okwera njinga zamoto ndi kuvulala m'mutu. Munthu akagwa, chigaza chimaima mwadzidzidzi pamene chamenya pansi, koma ubongo, umene ndi wofewa ndipo umayandama m'madzi m'kati mwa chigazacho, umapitirira ndi liwiro lomwelo n'kukadzimenya pa fupa, kotero kuti mitsempha ya magazi imaduka ndipo ubongo umatupa m'malo opanda mpata wotupira. Izi zimatheka ngakhale pa liwiro laling'ono la m'misewu ya m'makwalala, ndipo zimatheka popanda bala looneka kunja. Akatswiri a bungwe la Cochrane atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana mu 2008 anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo chiopsezo chovulala m'mutu ndi 69 peresenti. Ziwerengerozi zili ndi tanthauzo lalikulu m'dziko limene madokotala ochita opaleshoni ya ubongo ndi owerengeka, ndipo amapezeka makamaka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kutali ndi munthu amene wagwa pa msewu wafumbi ku Chitipa kapena ku Nsanje. Fupa la mwendo likathyoka limalumikizana, koma ubongo ukawonongeka munthu angatsale wosatha kulankhula, wakhunyu kapena wosowa womusamalira moyo wake wonse, ndipo mtolowo umagwera banja limene iye ankalidyetsa.

Kuti munthu asankhe bwino ayenera kudziwa mmene helemeti imagwirira ntchito, pakuti ambiri amayesa kuti mphamvu yake ili mu chikamba chakunja chonyezimira chija. Chikambacho chili ndi ntchito yake, yoletsa mwala kapena chitsulo kubowola mutu ndi yomwaza mphamvu ya kumenyako pa malo aakulu, koma chimene chimapulumutsa ubongo ndi chimene chili pansi pake. Chimenechi ndi thovu louma lotchedwa polystyrene, lofanana ndi zoyera zopepuka zija zimene amatchinjirizira wailesi yatsopano m'katoni, kungoti la mu helemeti limakhala lothinana ndi lolimba. Mutu ukamenya pansi thovulo limaphwanyika pang'onopang'ono, ndipo potero limatalikitsa kamphindi kamene mutu umaimira, kotero kuti ubongo sugwedezeka mwamphamvu. Siponji yofewa yokutidwa ndi nsalu imene imakhudza tsitsi ndi masaya ndi yongothandiza kuti chipewa chikhale bwino ndi kuyamwa thukuta, ndipo helemeti yokhala ndi chikamba ndi siponji zokha, yopanda thovu lolimba, ndi chipewa wamba. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA limalangiza kuti thovuli likhale lochindikala pafupifupi masentimita 2.5, ndipo limanena kuti helemeti yeniyeni imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, pamene zabodza zambiri sizifika ngakhale theka la kilogalamu. Choncho wogula asachite manyazi kufunyulula nsalu yam'kati pamaso pa wogulitsa, kukanikiza thovulo ndi chala, kunyamula helemetiyo kuti amve kulemera kwake, ndi kufinya m'mbali mwake kuti aone ngati ikupindika mosavuta.

Chachiwiri chofunika kuyang'ana ndi chizindikiro cha muyezo, kutanthauza umboni wakuti mtundu umenewo wa helemeti unayesedwa m'malo oyesera katundu, pougwetsa pa chitsulo ndi kukoka lamba wake mwamphamvu, ndipo unapambana. Muyezo wodziwika kwambiri ndi wa bungwe la United Nations, wotchedwa Regulation 22, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la ECE 22.05 kapena watsopano wake ECE 22.06. Helemeti yovomerezeka pa muyezowu imakhala ndi kansalu kosokedwa, kawirikawiri pa lamba, kokhala ndi chilembo E ndi nambala m'kati mwa mzere wozungulira. Nambalayo imasonyeza dziko limene linavomereza, osati limene linapanga, mwachitsanzo E1 ndi Germany, E3 ndi Italy, E11 ndi United Kingdom, ndipo pafupi pake pamakhala nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06, yotsatiridwa ndi chilembo P ngati mbali yakuchibwano inayesedwa kuti imateteza, NP ngati ilipo koma siteteza, kapena J ngati helemetiyo ilibe mbali yakuchibwano. Palinso chizindikiro cha ISI cha ku India chokhala ndi nambala IS 4151, cha CCC cha ku China, ndi cha DOT cha ku America. Pa cha DOT pafunika kuchenjera, chifukwa ku America wopanga katundu ndiye amadzitsimikizira yekha kuti wakwaniritsa muyezo, ndipo kapepala komata ka zilembo zitatuzo aliyense angathe kukasindikiza. Chizindikiro chilichonse chingathe kuberedwa, n'chifukwa chake gululi likulangiza kuti chizindikiro chiziyendera limodzi ndi umboni wa manja ndi maso, komanso dzina la kampani yopanga, kukula kwa helemeti ndi tsiku limene inapangidwa, zimene zimalembedwa m'kati mwa helemeti yeniyeni.

Nkhani ya mtengo ndi yeniyeni ndipo siyenera kupeputsidwa, pakuti mnyamata wa kabaza amene ayenera kupeza ndalama za mwini njinga, za mafuta ndi za ndiwo tsiku lomwelo saona chifukwa chotayira ndalama pa chinthu chimene mwina sadzachifuna. Komabe si zoona kuti helemeti yoteteza ndi yodula yokha. Ndondomeko ya SHARP, imene boma la United Kingdom linayambitsa mu 2007 kuti liziyesa mahelemeti ogulitsidwa m'sitolo ndi kuwapatsa nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, yasonyeza kuti ena otchipa amateteza mofanana ndi odula, mwinanso kuposa. Zimene zimakweza mtengo nthawi zambiri ndi dzina la kampani, utoto wokongoletsa, kupepuka kwa zipangizo ndi zina zoonjezera zimene sizikhudza ubongo. Bungwe la FIA, limene limagwirizanitsa magulu a oyendetsa galimoto padziko lonse, linakhazikitsa ndondomeko yopanga mahelemeti okwaniritsa muyezo wa ECE 22.05, oyenera maiko otentha, ndi cholinga chakuti azigulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi madola 20 a ku America. Helemeti ya chikamba cha pulasitiki yolimba, ya mtundu umodzi, yopanda zokongoletsa koma yoyesedwa, ndi yokwanira pa ntchito ya kabaza.

Pa mitundu ya mahelemeti, yophimba mutu wonse pamodzi ndi chibwano ndiyo imateteza kwambiri, chifukwa kafukufuku wa ngozi wa ku Hannover, ku Germany, anasonyeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo amene helemeti imamenyedwa ali kuchibwano. Yotseguka kumaso ndi yotchipirapo ndipo imapita mphepo, chinthu chofunika m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa, Salima kapena Karonga, ndipo ngati ili yoyesedwa ndi yomangidwa bwino imaposa kutali yophimba mutu wonse imene yakolekedwa pa handulo chifukwa cha kutentha. Imene iyenera kukanidwa ndi yongokhala pamwamba pa mutu, yosiya makutu ndi nkhongo poyera. Galasi lakumaso likhale loyera ndi losakalika, popeza lakuda limalepheretsa kuona bwino kunja kukada, ndipo helemeti ya mtundu wowala ndi yabwino kuposa yakuda. Kafukufuku wa ku Auckland, ku New Zealand, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti ovala helemeti yoyera anali ndi chiopsezo chovulala pa ngozi chochepa ndi 24 peresenti poyerekeza ndi ovala yakuda, chifukwa madalaivala amawaona msanga.

Helemeti yabwino koma yaikulu imavuka kapena kutembenuka pa nthawi imene ikufunika. Mutu uyezedwe ndi tepi ya telala mozunguliza, pamwamba pang'ono pa nsidze ndi makutu, ndipo kawirikawiri masentimita 55 mpaka 56 ndi saizi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, ngakhale makampani amasiyana pang'ono, kotero kuti kuyesa kuvala n'kofunika. Yoyenera imagwira masaya ndi chipumi popanda kupweteka, ndipo munthu akapukusa mutu imayenda limodzi ndi khungu. Lamba amangidwe pansi pa chibwano mothina kotero kuti zala ziwiri zokha zilowe, kenaka wina ayese kukoka helemetiyo kuchokera kunkhongo kupita kutsogolo, ikavuka, siyoyenera. Gululi likutsindika za lambayu kuposa china chilichonse, chifukwa kumumanga sikulira ndalama, komabe ndi pamene anthu ambiri amalephera, ndipo helemeti yosamangidwa imauluka munthu asanafike n'komwe pansi.

Mahelemeti a kaunjika amakopa chifukwa amakhala ndi mayina odziwika pa mtengo wotsika, koma thovu lam'kati likaphwanyika kamodzi silibwerera, ndipo kuphwanyikako sikuoneka kunja. Helemeti imene yamenyedwa pa ngozi yatha ntchito ngakhale chikamba chili chosalala, ndipo makampani ambiri amalangiza kuti isinthidwe pakatha zaka pafupifupi zisanu. Yatsopano yotchipa koma yoyesedwa ndi yodalirika kuposa yakale yodula imene mbiri yake sidziwika. Isasiyidwe padzuwa tsiku lonse kapena pafupi ndi petulo, amene amasungunula thovulo, ndipo isabowoledwe pofuna kulowetsa mphepo.

Wonyamulidwa ndiye amaiwalika kwambiri, chikhalirecho mutu wake ndi wofanana ndi wa woyendetsa. Ambiri amakana helemeti ya kabaza poopa thukuta la ena, nsabwe ndi chipere, ndipo amayi ena amaopa kusokoneza tsitsi limene alipirira ndalama. Madandaulowa ndi omveka, ndipo yankho lake ndi duku kapena kansalu kopyapyala kovala m'kati, kuchapa nsalu yam'kati kawirikawiri, ndipo kwa amene amakwera tsiku lililonse, kukhala ndi helemeti yakeyake. Ana asavekedwe ya akuluakulu, chifukwa imalemera khosi ndipo imavuka. Ku Kigali, ku Rwanda, woyendetsa njinga yonyamula anthu amayenda ndi mahelemeti awiri ndipo wokwera amavala popanda mkangano, ndipo kumapeto kwa 2024 dzikolo linatsegula malo oyesera mahelemeti pansi pa bungwe lake loona za miyezo. Zimene zatheka kumeneko zingatheke kuno.

Choncho gululi likupempha eni njinga kuti aziwerengera mahelemeti awiri oyesedwa monga mbali ya mtengo wa njinga, osati kumusiyira mnyamata kuti adzionere yekha, ndipo likupempha atsogoleri a masiteji a kabaza kuti azisonkha ndalama ndi kugula ambiri nthawi imodzi kuti mtengo utsike, komanso kuti asalole aliyense kunyamula munthu popanda helemeti yachiwiri. Likupempha bungwe la Malawi Bureau of Standards kuti liziunika mahelemeti olowa m'dziko ndi amene ali kale m'misika, boma kuti liganizire zochotsa kapena kutsitsa msonkho pa okwaniritsa muyezo, ndipo apolisi ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS kuti aziyang'ana ngati chipewacho n'chenicheni ndiponso ngati lamba wamangidwa, akumaphunzitsa anthu asanathamangire kulipiritsa. Kwa wokwera aliyense, amene ndalama zake ndizo zimayendetsa ntchito ya kabaza, pempho ndi lakuti asanakwere afunse helemeti, aimange pachibwano, ndipo ngati palibe, adikire njinga ina.